Kukhoma guwa la matabwa la m'tchalitchi: mafunso ndi mayankho

Pa ntchito zonse zimene zimafika pa shedi panga, ya guwa ndi imene imandisowetsa tulo. Mpando ukagwedera mwini wake amaubweza, timaukonza, nkhani yatha. Guwa likalakwika mpingo wonse umaliyang'ana Lamulungu lililonse, ndipo ana amene akubatizidwa chaka chino adzalipeza pomwepo tsiku la ukwati wawo. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene a komiti ya chitukuko, akulu a mpingo, akatekisi ndi akalipentala anzanga amandifunsa kawirikawiri. Ndayankha monga mmisiri wa matabwa. Za chiphunzitso eni ake ndi abusa kapena bambo mfumu.

Tikufuna guwa. Kodi si tebulo wamba lokulirapo?

Tiyambe tagwirizana mawu, poti apa ndi pamene anthu amasemphana. Mkhristu wa CCAP akati abusa akwera pa guwa, nthawi zambiri akunena polalikira. Mkatolika akati guwa, kapena altare, akunena tebulo la nsembe ya Misa. Mawu oti gome nawonso amagwa mbali zonse ziwiri. Choncho munthu akandiuza kuti akufuna guwa, ndimamufunsa kuti: pamenepo pazichitika chiyani?

Kwa Akatolika wansembe amaimirira nthawi yonse, amawerenga buku lalikulu la Misa, amakweza chikho, amawerama, amagwada, amazungulira guwa ndi lubani. Pa gome la Mgonero la ku CCAP pamakhala mbale za mkate ndi zikho zambiri zofunditsidwa nsalu yoyera, ndipo kumbuyo kwake kumakhala abusa ndi akulu a mpingo pa mipando. A Seventh-day Adventist amachita Mgonero kamodzi pa miyezi itatu, ndiye tebulo lawo kawirikawiri limafunika lotha kusuntha. Ntchito zitatuzi sizingalowe m'muyeso umodzi.

Tinamva kuti guwa loona liyenera kukhala la mwala. Kodi la matabwa ndi lololedwa?

Ndi lololedwa, ndipo ndi lakale kuposa la mwala. Akhristu oyamba ankanyema mkate m'nyumba za anzawo, pa matebulo a matabwa. Mpaka lero m'guwa lalikulu la tchalitchi cha Lateran ku Rome muli matabwa amene mwambo umati Petro Woyera ankachitirapo Ukaristia. Mwala unayamba kupambana pambuyo pake: msonkhano wa maepiskopi ku Epaone, dera limene lero lili m'dziko la France, unalamula m'chaka cha 517 kuti guwa lodzozedwa ndi mafuta oyera likhale la mwala basi. Patapita zaka chikwi zinthu zinatembenukanso. Mu 1550 episkopi wa ku London, Nicholas Ridley, analamula kuti maguwa a miyala achotsedwe m'matchalitchi ake, muikidwe matebulo a matabwa, pofuna kuonetsa kuti anthu akubwera ku chakudya cha Ambuye. Mipingo ya chikonzedwe, kuphatikizapo CCAP, ili kumbali imeneyo, ndipo mawu a pa 1 Akorinto 10:21 onena za gome la Ambuye ndi amene imagwiritsa.

Kwa Akatolika lero, buku la malamulo a Mpingo la 1983 limasiyanitsa maguwa awiri pa ndime 1235 ndi 1236. Pali guwa lokhazikika, lomangidwa kumodzi ndi pansi, limene pamwamba pake mwa mwambo pamayenera kukhala mwala umodzi wachilengedwe, ngakhale maepiskopi a dziko akhoza kuloleza chinthu china cholimba ndi chaulemu. Palinso guwa lotha kusuntha, limene lingapangidwe ndi chilichonse cholimba choyenera chipembedzo. Maguwa ambiri a matabwa a m'matchalitchi a kumidzi ali m'gulu lachiwirili. Ngati tchalitchi chanu ndi cha parishi ndipo Ambuye Episkopi adzabwera kudzachipatula, bambo mfumu afunse ku dayosizi thabwa lisanadulidwe ndi limodzi lomwe.

Likhale lalitali bwanji, lalikulu bwanji?

Cholakwa chimene ndimachiona kwambiri ndi guwa lalifupi. Kalipentala anazolowera tebulo lodyera la masentimita 75, ndiye dzanja limangopita pomwepo. Koma tebulo lodyera ndi la munthu wokhala pansi. Wansembe akaimirira pa tebulo lotere amawerenga atakhotetsa msana, ndipo pofika Misa yachiwiri khosi lauma. Guwa la woimirira likhale pakati pa masentimita 95 ndi 100 kuchokera pamene mapazi ake aponda. Musayeze wansembe amene alipo lero yekha. Adzasamutsidwa, kudzabwera wamfupi kapena wamtali, guwa lidzatsala. Gome la Mgonero limene akulu a mpingo amakhalira pa mipando lingatsike kufika pa 76 kapena 80, ndipo pansi pake pasiyidwe malo a mawondo.

M'lifupi, kuchokera kwa wansembe kupita kwa anthu, musachepere masentimita 75. Ine ndimakonda 85 kapena 90. Kansalu kamene amaikapo chikho ndi mbale kamatenga pafupifupi theka la mita, ndiye buku, makandulo ndi mtanda zimafunanso malo ake. M'litali, masentimita 150 mpaka 180 amakwanira matchalitchi ambiri. Maguwa aatali ngati benchi ndi otsalira a nthawi imene guwa linkagunda khoma ndipo wansembe ankafulatira anthu. Kuchokera pa msonkhano wachiwiri wa ku Vatican, wa 1962 mpaka 1965, guwa limaima palokha kuti wansembe ayang'ane anthu ndiponso athe kulizungulira. Ndiye siyani mita imodzi ndi theka kumbuyo kwake, ndi mita imodzi kapena kuposa m'mbali.

Musanavomereze miyeso, tengani mabenchi, njerwa ndi chitseko chakale, muimike chinthu cha kukula komweko pamalo pake penipeni. Mmodzi akakhale pa benchi lakumbuyo kwenikweni, wina pa mphasa ya ana kutsogolo. Abusa kapena wansembe aimirire, atambasule manja, awerame. Maminitsi khumi amenewo amaonetsa zimene chojambula cha papepala sichionetsa.

Bwanji osangotsata miyeso ya m'Baibulo?

Ambiri amafunsa zimenezi ndi mtima wabwino. Guwa la pa Eksodo 27 linali la mikono isanu m'litali, isanu m'lifupi ndi itatu msinkhu. Mkono uli ngati masentimita 45, ndiye ndi chinthu choposa mamita awiri mbali zonse, chokutidwa ndi mkuwa, chootcherapo nyama. Gome la mkate la pa Eksodo 25 linali la mikono iwiri, umodzi m'lifupi, ndi umodzi ndi theka msinkhu, kutanthauza pafupifupi masentimita 90, 45 ndi 68. Loyambalo silingalowe pakhomo, lachiwirilo n'laling'ono kwa mpingo wa anthu mazana atatu. Chimene ine ndimatolapo m'mitu imeneyi ndi china: zonse ziwiri zinali za mtengo wa kasiya, mtengo wolimba wa m'chipululu chimene anthuwo ankayendamo. Anagwiritsa mtengo wabwino wa pamalo pawo.

Nanga ife tisankhe mtengo wanji?

Mlombwa ndiye mfumu ya ntchito imeneyi. Ukauma sukonda kupindika, umafupika pang'ono kwambiri poyerekeza ndi mitengo ina, umapalika bwino, ndipo mtima wake wofiirira chiswe sichiukonda. Chenjerani ndi mbali yoyera ya m'mphepete mwa thabwa, chifukwa imeneyo imafumbwa msanga. Idulidwe, kapena ipite kosaoneka mutaithira mankhwala. Mbawa ndi yopepukirapo, imapezeka m'matabwa otambalala, ndipo kufiira kwake kumanka kukoma ndi zaka. Vuto lake ndi lakuti mitsempha yake imapingasana, ndiye pulena yobuntha imaikadzula m'malo moisalaza. Msambamfumu ndi wolemera, wolimba, wabwino kwambiri pa miyendo.

Thumba likachepa, malaina si mtengo wonyozeka. Ndi woyererako, sutembenuka ukauma, koma umachedwa kuuma m'kati. Paini wa ku Chikangawa, Zomba kapena Dedza ndi wofewa: chikho chikagwa amatsala ndi chipsera, mfundo zake zimatuluka utomoni kukatentha, ndipo chiswe chimamukonda. Komabe paini wouma bwino, wopanda mfundo zazikulu ndi wothiridwa mankhwala, amaposa mlombwa wauwisi. Ndimanena zimenezi kwa komiti iliyonse, ngakhale ena nkhope zimagwa. Bulugamu amang'aluka ndi kupotoka pouma. Ndimamulola pa zogwiriziza za m'kati zokha.

Mabolodi a utuchi wopanikiza, aja amakhoma nawo makabati a kukhitchini, asafike pa guwa. Madzi okolopera akangowakhudza amatupa ngati buledi, ndipo sakonzeka.

Wina watilonjeza matabwa a mkungudza wa ku Mulanje. Tilandire?

Funsani kumene achokera. Mkungudza wa Mulanje ndi mtengo wa fuko lathu, fungo lake ndi kulimba kwake palibe wotsutsa, koma paphiripo mitengo yaikuluikulu yatsala pang'ono kutheratu, ndipo kudula ndi koletsedwa. Ngati ndi matabwa ochotsedwa pa denga kapena pa zitseko za nyumba yakale ya mishoni, landirani ndi manja awiri, chifukwa amenewo anauma kalekale. Ngati ndi ocheka kumene, akaneni. Mpingo sungaike mkate wa Ambuye pa thabwa lotsika phiri usiku.

Mlombwa, mbawa ndi msambamfumu nayonso ndi mitengo yotetezedwa. Lamulo la za nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, limafuna zilolezo podula ndi ponyamula, ndipo mu 2022 mitundu itatuyi inalowa m'ndandanda wa CITES wa mitengo imene malonda ake a pakati pa mayiko amayang'aniridwa. Gulani kwa wogulitsa amene angakuonetseni mapepala a ku Dipatimenti ya Zankhalango. Mipingo ina ili ndi mbawa zake pabwalo, zobzalidwa ndi makolo. Imodzi ikagwa ndi mphepo, kambiranani ndi a zankhalango, muicheketse, ndipo mubzale zina khumi mvula yomweyo.

Matabwa tagula kale. Bwanji mmisiri akuti tidikire miyezi yambiri?

Chifukwa akunena zoona, ndipo pa funso ili ndikhalitsapo.

Thabwa locheka kumene lili ndi madzi ambiri. Likamauma limafupika m'lifupi, osati m'litali. Ngakhale litauma silisiya kupuma: mu Januwale ndi Febuluwale limamwa chinyezi n'kufufuma, mu Okutobala, malata akamathetheka ndi dzuwa, limabwerera. Pamwamba pa guwa lotambalala masentimita 90 pangasinthe ndi theka la sentimita kapena kuposa pakati pa dzinja ndi chilimwe, malinga ndi mtengo wake. Amisiri akale ankati inchi imodzi ya kunenepa kwa thabwa imafuna chaka chimodzi. Kwathu kuno kotentha zimafulumirako, koma thabwa lolimba la mainchesi awiri limene lachekedwa mu Malichi silingakhale lokonzeka pa Pasaka wa chaka chomwecho.

Ine ndinaphunzira izi movutika. Guwa langa lachiwiri linali la tchalitchi china chaching'ono cha kumudzi, la mbawa yogulidwa mvula ikugwabe. A komiti ankalifuna pa Pasaka, ine ndinkafuna ntchito, ndipo ndinavomera. Ndinalumikiza matabwa asanu, ndinawamanga ku felemu ndi masikuluwu mbali zonse mwamphamvu, ndinapaka vanishi katatu. Linkawala, amayi analulutira. Kumapeto kwa Okutobala akatekisi ananditumira uthenga kuti ndipite. Atachotsa nsalu ndinaona mng'alu woyambira kumapeto, wautali ngati mkono wanga, wolowa ndalama yachitsulo. Iwo sanandikalipire. Anangoyendetsa chala mumng'alumo n'kunena kuti, "Amisiri, nyenyeswa za Ukaristia zikagwera umu tidzazitola bwanji?" Funso limenelo sindinaliiwale. Pamwamba ponse ndinapanganso ndi ndalama zanga, ndipo kuyambira pamenepo ntchito ya guwa yofulumizitsa ndimaikana.

Kuumitsa kwake ndi kotere. Ikani matabwa pamthunzi podutsa mphepo, pa njerwa zokwera masentimita 30 kapena 40 kuchoka pansi. Pakati pa thabwa ndi linzake ikani timitengo touma tonenepa masentimita awiri, motalikirana theka la mita, kalikonse kalunjike pamwamba pa kanzake. Pakani penti yotsala kumapeto kwa matabwa kuti asang'aluke, ndipo pamwamba tsikizani ndi miyala. Osawayanika padzuwa moimika pakhoma monga achitira ogulitsa m'mbali mwa msewu, chifukwa kunja kumauma m'kati muli madzi. Ngati mulibe kachipangizo koyezera chinyezi, sankhani thabwa limodzi lalifupi, muziliyeza pa sikelo Loweruka lililonse n'kulemba pa thabwa pomwepo. Kulemera kukasiya kutsika kwa milungu itatu kapena inayi, lauma. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pamwamba pakhale thabwa limodzi lalikulu kapena olumikiza?

Thabwa limodzi lotambalala masentimita 90 ndi losowa, ndipo likapezeka limakonda kukhota ngati bwato. Bwino kulumikiza matabwa a masentimita 12 mpaka 18 m'lifupi, onenepa masentimita anayi akapalidwa. Yang'anani mizere ya kumapeto kwa thabwa lililonse: lina mizere iyang'ane kumwamba, lotsatira pansi, kuti kukhota kwawo kuzithetsana. Mphepete zipalidwe mpaka mukagundanitsa matabwa awiri n'kuyang'ana kudzuwa kuwala kusadutse. Mukatero guluu wabwino ndi makilampu okwanira zimagwira kuposa mtengo weniweniwo. Mphako yodzaza ndi utuchi wosakaniza guluu si kulumikiza.

Chachikulu ndi mmene pamwambapo pamagwirira ku felemu. Pasamangidwe nganganga. Dulani kamsewu m'kati mwa matabwa a felemu, mupange timatabwa tating'ono tokhala ndi lilime lolowa m'kamsewuko, ndipo sikuluwu ilowe m'katabwako kupita ku pamwamba. Motero pamwamba pamagwira zolimba koma pamatha kufufuma ndi kufupika. Njira ina ndi kuboola mabowo aataliatali m'malo mwa ozungulira. Zikanakhala kuti ndinkadziwa zimenezi kale, guwa lija la mbawa mwina likanapirira.

Pamwamba pakhale posalala, popanda mizere yokongoletsa kapena zosema, kuti chikho chisapendekeke. Patuluke masentimita asanu mpaka asanu ndi atatu kupitirira thupi la guwa, kuti zala za kumapazi za woimirira zipeze polowa. Ngodya zikhale zozungulirako pang'ono kuti zisang'ambe nsalu.

Misomali siyokwanira? Ikufulumira komanso ndi yotchipa.

Misomali imagwira chaka choyamba. Kenako mtengo ukamapuma imamasuka, imachita dzimbiri, ndipo pa mlombwa kapena mbawa imasiya madontho akuda. Guwa limatsamiridwa, limakokedwa pokolopa, ana otumikira amaligunda. Miyendo ndi felemu zilumikizidwe mwa bowo ndi lilime, lilimelo likhale gawo limodzi mwa magawo atatu a kunenepa kwa thabwa, lilowe mothina ndi guluu, ndipo lipyozedwe ndi chikhomo cha mtengo wolimba. Miyendo isachepere masentimita 9 kapena 10 mbali zonse, apo ayi guwa limaoneka ngati laima pa ndodo. Musanasiye guluu kuti aume, yezani ndi tepi kuchokera ngodya ina kupita ku ngodya yopingasana nayo, kenako inzake. Miyeso iwiriyo ikafanana, chinthu chili sikweya.

Ngati kutsogolo kukhale kotseka, thabwa la pakati likhale m'kamsewu ka felemu popanda guluu, kuti nalonso lizipuma.

Tijambulepo chiyani kutsogolo?

Chimodzi, chooneka bwino kuchokera kumbuyo kwa tchalitchi. Mtanda, tirigu ndi mphesa, mwana wa nkhosa, nsomba ndi mikate, zilembo za IHS zimene ndi chiyambi cha dzina la Yesu m'Chigriki, kapena Alefa ndi Omega. Ku mipingo imene sikonda zithunzi, mawu aja a pa Luka 22:19 onena za chikumbutso cha Ambuye amakwanira, olembedwa ndi tchizulo osati ndi penti. Zonse zikaunjikana pamodzi, diso silipeza popumira.

Amene akufuna zosema zenizeni apite akaone ku Mua, ku Dedza. Mishoni imeneyi inayamba mu 1902, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher Chisale anayambitsa malo a Kungoni, kumene osema aphunzira kufotokoza nkhani za m'Baibulo ndi nkhope, zovala ndi zizindikiro za kwathu. Ntchito zawo zili m'matchalitchi ambiri m'dziko muno, ndipo zinafika mpaka m'kachisi wa bungwe la Chikatolika la Missio ku Munich, m'dziko la Germany. Kusema ndi luso lina, kukhoma ndi lina. Ine ndikalandira ntchito yofuna zosema ndimakhoma thupi, n'kupereka thabwa lakutsogolo kwa wosema, titagwirizana miyeso.

Dzina la wopereka ndalama lisalembedwe kutsogolo kwa guwa. Ndikudziwa kuti nkhani imeneyi imavuta pamene banja lapereka zambiri pokumbukira malemu awo. Kachitsulo ka dzina kaikidwe pakhoma, kapena kuseri m'munsi. Ine chaka ndi mtundu wa mtengo ndimalemba ndi pensulo kunsi kwa pamwamba, kuti mmisiri wodzakonza m'tsogolo adzadziwe.

Tingaikemo kabati yosungiramo mabuku ndi nsalu?

Ku Katolika ayi. Ndime 1239 ya malamulo aja imati guwa ndi la chipembedzo chokha. Ku mipingo ina palibe choletsa cholembedwa, koma ndaona zimene zimachitika: mumayamba mabuku a nyimbo, kenako tsache, mabatire akutha, botolo la palafini, ndipo mphemvu ndi makoswe zimapeza nyumba. Khomani kabati ina yapadera ya ku chipinda chovalira, ndi katebulo kakang'ono ka pambali koikapo madzi, vinyo ndi mbale za chopereka.

Chimene ndimalola ndi njira ya waya wa maikolofoni. Ganizirani zimenezi poyamba, bowo lidutse m'kati mwa mwendo umodzi. Mukapanda kutero, tsiku lina mnyamata wa zokuzira mawu adzakhomera waya ndi msomali pa thabwa losema.

Vanishi kapena mafuta?

Pa guwa pamadontha phula la makandulo, vinyo, madzi a maluwa. Vanishi amateteza bwino zonsezi. Sankhani wosawala kwambiri, chifukwa wonyezimira ngati galasi amabweza kuwala kwa mawindo m'maso mwa anthu ndipo amaonetsa kakanda kalikonse. Palani ndi sandipepa kuyambira wokhakhala wa 80, kenako 120, 180, mpaka 220, motsata mitsempha ya mtengo. Pakani katatu mopyapyala, mukupalako pang'ono pakati, pamalo opanda fumbi. Pakani ndi kunsi komwe, kangapo mofanana ndi pamwamba. Mbali imodzi ikatsekedwa inzake ili yotseguka, thabwa limakhota.

Mafuta a linseed amatulutsa maonekedwe a mlombwa mokoma kwambiri ndipo pokonza sipavuta, koma amafuna kubwereza chaka ndi chaka. Nsanza zopakira mafutawa musaziunjike pakona: zimatentha zokha mpaka kuyaka. Ziyanikeni panja chotambasula kapena ziviikeni m'madzi.

Musalole kuti paini apakidwe utoto wakuda bii n'kumutcha mbawa. Pogula, pemphani kuona thabwa lisanapakidwe kanthu, ndipo suzumirani kunsi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chiswe tithana nacho bwanji?

Chiswe chimadzera pansi. Guwa lisaime pa dothi kapena pa simenti yong'aluka. Ngati tchalitchi n'chozira, mangani kaye kansanja ka njerwa ndi simenti. Kunsi kwa miyendo kumamwa madzi ngati muzu, ndiye pakani mankhwala a chiswe ndi vanishi wambiri pamenepo, ndipo ikani timphira kapena tizitsulo tokweza mwendo theka la sentimita kuti madzi okolopera asaukhudze. Amayi osesa m'tchalitchi, kaya ndi a Mvano, a Chigwirizano kapena a mphakati umene uli pa ntchito sabata imeneyo, ndiwo amaona msanga kanjira ka dothi kokwera mwendo kapena ufa wa mtengo pansi. Auzeni kuti akaona anene tsiku lomwelo.

Yang'ananinso kumwamba. Lata lodontha pamwamba pa guwa ndi ndowe za mileme zawononga maguwa ambiri kuposa chiswe. Pakati pa sabata fundikani ndi nsalu yokhuthala, osati pepala la pulasitiki, limene limasunga chinyezi. Phula likadontha, lisiyeni liume, mulichotse ndi kathabwa kofewa, osati mpeni. Maluwa ndi bwino akhale pansi m'mbali mwa guwa.

Zidzatidyera ndalama zingati?

Mitengo ya zinthu ikusintha mwezi ndi mwezi, ndiye chofunika ndi kudziwa kuwerenga kotesheni. Ionetse padera matabwa, mtundu wake, chiwerengero ndi miyeso yake, guluu, vanishi, sandipepa ndi mankhwala, ntchito ya mmisiri, ya wosema ngati alipo, ndi mayendedwe. Pa matabwa onjezani gawo limodzi mwa magawo anayi, chifukwa mbali yoyera, ming'alu ndi mfundo zimatayidwa. Kotesheni yotsika kwambiri kuposa zinzake kawirikawiri yabisa matabwa auwisi kapena misomali.

Lipirani m'magawo: pogula matabwa, felemu ikaima, ndi guwa likafika. Anthu awiri a komiti apite ku shedi guluu asanalowe, akaone malumikizidwe ndi maso awo. Mmisiri wabwino sakwiya nazo. Ngati ndalama zikusonkhedwa pang'onopang'ono kudzera m'mapepa Sande ndi zopereka za m'miphakati, yambani ndi kugula matabwa. Adzakhala akuuma pamene thumba likudzaza.

Likatha, tingayambe kuligwiritsa ntchito pompo? Nanga lakale titani nalo?

Ku Katolika guwa lokhazikika limapatulidwa ndi episkopi, ndipo lotha kusuntha limapatulidwa kapena kudalitsidwa. Pa mwambo wopatula, episkopi amathira mafuta oyera a krisma pakati ndi pa ngodya zinayi, amafukiza lubani pamwamba pake, kenako guwa limapukutidwa, kuvekedwa nsalu ndi kuyatsidwa makandulo. Mmisiri adziwe izi msanga: vanishi akhale atauma kwa milungu iwiri kapena itatu, ndipo pansi pa mbale ya makala a lubani pakonzedwe chotchinga kuti moto usasiye chipsera. Maguwa ena akale ali ndi kamwala kokhala ndi timitanda tisanu kolowetsedwa pamwamba. Ngati bambo mfumu akufuna kasamukire m'guwa latsopano, kabwere ku shedi kadzayezedwe. Ku mipingo ina abusa amapereka gome kwa Mulungu ndi pemphero pamaso pa mpingo.

Lakale lisasanduke tebulo logulitsirapo mandasi pa bazaa. Ngati lili lolimba, perekani ku tchalitchi chaching'ono chimene chilibe. Ngati latha, matabwa abwino angapangidwe mtanda kapena choikapo Baibulo, ndipo otsalawo mwambo wake ndi kuwatentha mwaulemu n'kukwirira phulusa pamalo a mpingo.

Pali china choti tikonzekere tsiku lobweretsa?

Yezani khomo lero, musanagwirizane miyeso ya guwa. Pamwamba pokha pa mlombwa, pa masentimita 180 ndi 90, ponenepa anayi, pamalemera makilogalamu ngati 40, ndipo guwa lonse lingafike pa 100. N'chifukwa chake ndimapanga loti pamwamba pazichoka, tinyamule zigawo ziwiri, tikamange komweko. Pa lole yalani mabulangete, ndipo pamene chingwe chikhudza mphepete ikani makatoni, apo ayi msewu wa fumbi udzasiya mizere imene sandipepa yekha angachotse.

Simenti ya m'matchalitchi ambiri siyolingana. Ndimapita ndi levulo, sowo yaing'ono ndi pulena. Tikaimika guwa pamalo pake ndimathira madzi m'mbale n'kuiika pakati, ndione kumene apendekera. Mwendo wotalika ndimauchepetsa pomwepo, n'kupakanso mankhwala ndi vanishi podulapo. Kenako ndimapempha abusa kapena bambo mfumu kuti atsamire ndi manja onse pa ngodya iliyonse, mwamphamvu. Madzi a m'mbale aja akapanda kugwedezeka, ndimaitana amayi kuti abwere ndi nsalu.